A Kathumba ndi Tsiku la Zilembo za Eni

Mwezi wa May watha osamva foni ya a Kathumba. Kwa zaka zambiri kuno ku Perth, pa 24 May pakamayandikira, iwo ankandiimbira m'mawa ndisananyamuke kupita ku shifiti. "Naphiri, wadzuka mwanangu? Usaiwale tsiku lija." Ine ndinkayankha kuti sindingaiwale, bambo. Chaka chatsala pang'ono kukwana chimwalirireni iwo, koma wina atandifunsa kuti tsiku lija linali chiyani kwenikweni mumtima mwawo, ndingangokanda m'mutu.

A Kathumba anali a ku Ntcheu. Anali aatali, owerama pang'ono m'mapewa, ndipo jekete ankavala ngakhale mu January dzuwa likuswa mtengo. Anagwira ntchito ya uinjiniya pa fakitale ina ya mankhwala ku Kwinana mpaka kupuma, ndipo ankakhala m'kanyumba ka njerwa kufupi ndi Fremantle. Ambiri mwa ife Amalawi obwera kudzaphunzira, nkhope yoyamba yomwe tinaiona pabwalo la ndege inali yawo. Sankafunsa dzina. Ankafunsa mfunda ndi mudzi, ndipo kuchoka apo ankakuitana ndi mfundawo moyo wako wonse. Umu ndi momwe ine ndinasandukira Naphiri kuno kutali, dzina lomwe ngakhale kwathu palibe ankandiitana nalo.

Chodabwitsa choyamba pa iwo chinali mutu. Ukawafunsa ngati amwa tiyi, ankapukusa mutu, iwe n'kubweza kapu, kenaka n'kumva akudandaula kuti masiku ano anthu akumana. Ku Bulgaria, kumene anakhala unyamata wawo wonse, munthu akamavomera amapukusa mutu, akamakana amaugwedeza chokweza ndi kutsitsa. Chizolowezicho chinawakanirira, koma osati nthawi zonse. Tsiku lina mutu unkayankha Chibugariya, tsiku lina Chichewa. Tinaphunzira kudikira mawu a pakamwa.

Za momwe anafikira ku Bulgariako, aliyense wa ife ali ndi nkhani yakeyake, ndipo zonsezo tinazimva kwa eni ake. Ena anawauza kuti anathawa ndale za nthawi imeneyo ali mwana wasukulu. Ine anandiuza kuti anangokwera lole yopita ku Tanzania kukasaka sukulu, kumeneko n'kupeza mwayi wa maphunziro osadziwa n'komwe kuti dzikolo lili mbali iti. Mai Tembo, omwe amatsogolera gulu la amayi kumpingo kwathu, amalumbira kuti anawauza kuti anathawa ukwati wowakakamiza. Tikawapanikiza ankangoti njira zinali zambiri, koma munthu woyenda anali mmodzi. Atamaliza maphunziro anakwatira mzimayi wa ku Bulgaria komweko, mai Radka, n'kukagwira ntchito ku migodi ya ku Zambia, kenaka n'kubwera kuno ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Nevena. Ku Ntcheu anabwererako kowerengeka, kukangocheza.

Pa nkhani ya kulemba anali ovuta ngati mwana wa mano. Mlembi wa mpingo wathu anavutika nawo zaka zambiri chifukwa cha kachipewa ka pamwamba pa ŵ. Pulogalamu ya mapemphero ikatuluka, a Kathumba ankatulutsa bolopeni pakati pa ulaliki n'kuyamba kuveka zipewa ma w onse omwe ankati ali mbulanda. Mlembiyo ankati kompyuta yake ilibe chilembocho, komanso akuluakulu a zilankhulo anasiya kale kuchikakamiza. Iwo ankayankha kuti munthu sudula chala poti golovesi ilibe malo ake. Ankakondanso kunena kuti chilankhulo chosalembedwa bwino chili ngati mbewu yosungidwa m'thumba lobooka. Makolo omwe ana awo amayankha m'Chingelezi akafunsidwa m'Chichewa ankawadzudzula poyera, pa khomo la tchalitchi, anthu akumva. Lamulungu lina bambo wina atatopa nazo anawafunsa kuti, "Nanga a Nevena bwanji, bambo? Amayankha m'chiyani?" Tonse tinkadziwa kuti Nevena sadziwa Chichewa, ndipo Chibugariya amangodziwa mayina a zakudya. A Kathumba anangotembenuka. Anakwera galimoto yawo, ndipo kwa milungu ingapo mpando wawo unali wopanda munthu. Atabweranso sanatchulepo za nkhaniyo, koma kudzudzula kuja sanasiye.

Mai Radka ali moyo, za pa 24 May zinkachitika kunyumba kwawo ndi anzawo ochepa a ku Bulgaria, ife osadziwa. Mayiwo anamwalira m'mwezi wa May womwewo. Chaka chotsatira a Kathumba anapempha mlembi kuti alengeze kuti Loweruka tonse tikakumane mu holo ina ku Fremantle, tikakumbukire. Anangoti tikakumbukire. Mlembi, poganiza kuti akuthandiza, anawonjezera yekha kuti ndi chikumbutso cha malemu mai Kathumba.

Amayi tinadzuka mbandakucha kuphika. Tinavala zitenje zakuda ndi mipango, azibambo masuti. Titafika pakhomo la holo, mai Tembo anatiimika pamzere n'kuyambitsa nyimbo ya pamaliro, ija yoyenda pang'onopang'ono, ndipo tinalowa mitu ili pansi, mapoto ali m'manja. Nditadzutsa maso ndinaona azungu okalamba atagwirana manja, akuvina mozungulira, wina akuliza akodiyoni. Patebulo panali vinyo ndi chakudya china chopindapinda chokhala ndi tchizi mkati. Kutsogolo kunali chithunzi chachikulu cha amuna awiri a ndevu zazitali, chovekedwa nkhata ya maluwa.

Nyimbo yathu inayamba kuzilala kuchokera kumbuyo. Akodiyoni nayo inaima. Mai Tembo anandikoka chitenje.

"Naphiri, andevuwo ndi abale ake a malemu?"

"Kaya, mayi. Mwina bambo awo ndi amalume."

"Nanga chithunzi cha malemu chili kuti? Ndipo akuvina chiyani pamaliro?"

Mkulu wina wamfupi wa ku Bulgaria, bambo Stoyan, yemwe anali mnzawo wa a Kathumba wa ponda apa nane mpondepo, anavula chipewa n'kutiyandikira mwaulemu. Anafunsa m'Chingelezi chake chothyokathyoka kuti wamwalira ndani, ndipo zachitika liti, poti iwo sanamve. Mai Tembo anayankha kuti mai Radka. Bambo Stoyan anatembenukira anzawo ali kukamwa yasa, ngati akufunsa ngati mayiwo amwaliranso kachiwiri.

A Kathumba anali ataima pakati, duwa lofiira lili pa jekete. Anayang'ana ife, n'kuyang'ana anzawo aja, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka. Ena amati ankaseka, ena amati ankalira. Ine ndinali pafupi ndipo ndinaona misozi, koma phokoso linali la kuseka. Atapuma anatikhazika pansi n'kufotokoza, chiganizo chimodzi m'Chichewa, china m'Chibugariya. Anati kalekale kunali amonke awiri apachibale, omwe anaona kuti anthu a mitundu ya Chisilavi, monga a ku Bulgaria, akupemphera m'zilankhulo zomwe sakuzimva, ndiye anawapangira zilembo zawozawo. Ophunzira a amonkewo anakafika ku Bulgaria, ndipo kumeneko ntchitoyo inakula mpaka kubala zilembo zomwe mayiko angapo akulembera lero. Anati pa 24 May dziko lonse la Bulgaria limapuma. Ana asukulu amaguba m'misewu, aphunzitsi amalandira maluwa, ndipo zithunzi za abale awiriwa zimavekedwa nkhata. Ndilo tsiku lomwe anatiitanira.

Kenaka mai Tembo anaimirira n'kukonza mpango.

"Bambo Kathumba, pepani, mwina ine ndiye wosamva. Mukutanthauza kuti tadzuka mbandakucha, tapempha ofu ku ntchito, tavala zakuda, chifukwa cha a, e, i, o, u?"

"Ayi, mayi," anayankha mofatsa. "Si a, e, i, o, u. Ndi zina."

"Zina ziti? Zomwe ife sitingathe n'kuwerenga komwe?"

"Zomwezo."

Apa ndi pomwe anatiuza za chaka chawo choyamba ku Sofia. Anati anafika nthawi ya chisanu ndi kajekete kopyapyala, ali mnyamata yemwe kwawo ankatchuka kuti ndi wanzeru m'kalasi. Atatsika sitima anapeza kuti satha kuwerenga ngakhale chitseko cha chimbudzi. Zilembo zina zinkaoneka ngati zodziwika koma zinkanama: chooneka ngati P chinali R, chooneka ngati C chinali S, chooneka ngati H chinali N. Anayamba kuphunzira ngati mwana wa sitandade wani, ndevu zili kumaso. Anati pamenepo ndi pomwe anamvetsa mayi awo, omwe ankayenda mtunda kukapempha munthu kuti awawerengere chilichonse cholembedwa. Anamaliza ndi mawu omwe ankawabwereza kawirikawiri pambuyo pake, akuti munthu aliyense amayenera kukhala mbuli kawiri pamoyo wake kuti adziwe mtengo wa chilembo. Anafunsanso kuti ife, amene tinalandira zilembo zathu, tinathokozapo ndani, ndipo tsiku lathu lili kuti.

Mai Tembo sanagonje. Anati kuthokoza timathokoza Mulungu Lamulungu lililonse, ndipo zoika maluwa pa zithunzi za anthu andevu ndi zoti abusa azimve kaye. Koma chakudya chinali chitaphikidwa kale, ndipo palibe akanabwerera nacho. Tinadya. A ku Bulgaria aja anakonda nkhuku yathu ndi chigwada, ife tinayesa chopindapinda chija. Woliza akodiyoni anapempha kuti tiimbenso nyimbo tinalowa nayo ija, iye n'kumaitsata, koma ankaithamangitsa, mpaka inasanduka yovinika. Madzulo asanafike ndinaona mai Tembo, ali m'zakuda zawozo, atagwirana manja ndi bambo Stoyan mu bwalo lozungulira lija, phazi likupita kumanzere pomwe onse akupita kumanja, nkhope ili gwa ngati munthu yemwe sanavomereze zomwe miyendo yake ikuchita.

Kuyambira chaka chimenecho tinkapita. Anthu ankachepa chaka ndi chaka, koma tinkapita. A Kathumba ankadandaula nthawi zonse kuti kuno May ndi nyengo yolakwika, masamba akugwa pomwe ku Bulgaria maluwa akuphuka, ndiye nkhata ankailuka ndi chilichonse chomwe apeza m'mipanda ya anthu oyandikana nawo. Ana ankawaphunzitsa kulemba mayina awo m'zilembo zija, kenaka n'kuwalembetsa Malaŵi ndi kachipewa kake. Mwana wina anakalemba dzina lake mwa Chibugariya pa ntchito ya kusukulu, mayi ake n'kuitanidwa ndi aphunzitsi. Imeneyo inali ndewu inanso.

Tsiku lina tili m'sitima yochokera ku Fremantle ndinalimba mtima n'kuwafunsa a Kathumba. "Bambo, kodi tsikuli ndi la zilembo zoona, kapena ndi la amayi aja?" Anati mai Radka anali mphunzitsi, ndipo anakumana pa perete wa pa 24 May, mayiwo atanyamula maluwa ambiri moti sankaona kutsogolo, n'kuwapatsira ena iwo kuti awanyamulire. Ndinati basi ndamvetsa. Koma nditamuuza Nevena nkhaniyi anaseka, nati mayi ake ankanena kuti anakumana pamzere wogula buledi, mu November.

Mu June chaka chatha a Kathumba anagwa m'bafa. Inali sitiroko. Atatsitsimuka m'chipatala ku Fremantle, Chichewa chinali chitapita, Chingelezi chitapita. Chomwe chinatsala chinali Chibugariya, nacho chodukaduka. Madokotala anati zimachitika, nthawi zina chilankhulo china chimabwerera, nthawi zina ayi. Munthu yemwe anatha zaka akutikalipira chifukwa cha Chichewa anali gone pabedi, akutiyang'ana tikuwalankhula Chichewacho, osatha kubweza ngakhale zikomo. Nevena ankakhala pambali pawo tsiku lonse, bambo ake akumulankhula mawu ambirimbiri, iye akungogwira dzanja. Tsiku lina anatuluka m'wodi n'kundiuza m'Chingelezi kuti bambo ake sanamulankhulepo nthawi yaitali chonchi chibadwire, ndipo sakumva kanthu.

Zitadziwika kuti sachira, nkhani ya manda inabuka. Mwana wa mlongo wawo wa ku Ntcheu ankaimba foni tsiku ndi tsiku kuti amalume ake akagone pafupi ndi mayi awo, malo alipo kale. Mai Tembo anali mbali yomweyo, ankati Mmalawi sasiyidwa m'tchire la eni. Nevena ankafuna agone kuno, pambali pa mai Radka. Bambo Stoyan nawo anakumbuka kuti tsiku lina, atamwa vinyo, a Kathumba ananena kuti angakonde kugona m'mudzi wa kwawo kwa mkazi wawo, m'tsinde mwa phiri. Tinagwirizana kuti tiwafunse eni ake akadali ndi mpweya.

Anali masana, dzuwa la m'nyengo yozizira likulowa pawindo. Tinalipo anayi: Nevena, mai Tembo, bambo Stoyan ndi ine. Bambo Stoyan, omwe khutu limodzi linali litagontha, anawerama n'kufunsa m'chilankhulo chawo. A Kathumba anayankha liwu limodzi. Bambo Stoyan anapempha kuti abwereze, kenaka anaweramuka n'kutiuza kuti akuti kwawo.

"Mwamva?" anatero mai Tembo. "Kwawo. Ku Ntcheu."

Nevena anati kwawo ndi kuno, kumene akhala theka la moyo wawo. Bambo Stoyan anatambasula manja, nati liwulo limangotanthauza kunyumba, mwina akungofuna kutuluka m'chipatala.

Mai Tembo anasendera pafupi n'kugwada pambali pa bedi. "Bambo Kathumba, ndine mai Tembo. Tikakuperekezeni ku Ntcheu, kwa amayi anu?"

A Kathumba anapukusa mutu.

"Akana," anatero Nevena.

Bambo Stoyan anati ayi, avomera, kwawo amavomera choncho. Mai Tembo anati awafunsa m'Chichewa, tsono mutuwo wayankha m'chiyani? Nevena anafunsa za kuno, pambali pa amayi, ndipo mutu unapukusikanso chimodzimodzi. Tinangoyang'anana. Nesi analowa n'kutiuza kuti wodwala watopa.

Tikutuluka, a Kathumba anagwira mkono wa Nevena ndi dzanja lomwe linkagwirabe ntchito. Anatembenuza chikhatho chake n'kulembapo ndi chala, pang'onopang'ono: mizere iwiri yoimirira, umodzi wopingasa. Analemba chimenecho chokha, kawiri, n'kutseka maso. Panja, bambo Stoyan anati imeneyo ndi N ya kwawo. Nevena anati ndi dzina lake, bambo ake akufuna kukhala kumene kuli iye. Mai Tembo anati Ntcheu amayambanso ndi N. Bambo Stoyan, mosafuna kukhumudwitsa aliyense, anawonjezera chapansipansi kuti liwu loti ayi m'Chibugariya limayambanso ndi chilembo chomwecho.

A Kathumba anamwalira mu July osalankhulanso. Nevena anasankha yekha, ndipo tinawaika kuno, pambali pa mkazi wawo. Mai Tembo anatsogolera nyimbo mpaka kumanda, mawu osagwedera, koma mpaka lero amati tinawalakwira akuluwo. Mwana wa mlongo wawo uja sayankha foni ya Nevena. Ine amandifunsa mbali zonse ziwiri, poti ndinalipo, ndipo ndimangonena zomwe ndinaona.

Sabata yatha ndinali ndi ofu, ndiye ndinakwera sitima kuchoka ku Joondalup, komwe ndimakhala, mpaka ku Fremantle, n'kukwera basi ya kwa a Kathumba kuja. Nyumba ikadali yotseka, Nevena sanaganize chochita nayo. Geti ndi lomangidwa ndi waya. Pamene pankaima galimoto patsala banga la oilo pa simenti. Kuseri, mpesa womwe unkapereka mthunzi pakhonde wayoyola masamba onse, ndipo palibe wawasesa, angounjikana pakhomo la kukhitchini. Tsabola yemwe anamanga pa chingwe kuti aume akadali pakhoma, wasanduka wakuda. M'dimba, mpiru unakula n'kuchita maluwa n'kugwa wokha, ndipo maungu omwe palibe anawakolola aphukanso, nkhwani zayanga kudutsa kanjira mpaka kukwera masitepe. Mipando ya pulasitiki ili yosanjikizana pakona, wapamwambawo wadzaza madzi a mvula. Ndinaima pageti n'kuodira, monga tinkachitira. Kunangomveka galu wa nyumba yoyandikana nayo, ndi mphepo yochokera kunyanja ikugwedeza chitseko cha shedi chomwe loko wake anathyoka.